Tabeth Pakati pa Dziko

Zonsezi zinayamba ndi makina okumba mjigo. Anafika pasukulupo mkati mwa Okutobala, mwezi umene kuchigwa cha Luangwa ngakhale mbuzi imayenda mozembera mithunzi, ndipo kuyambira m'mamawa ankabangula kuseri kwa makalasi, kulavula fumbi loyera lomwe linkalowera m'mazenera n'kukhala m'mano. Aphunzitsi ambiri anangowagonjera. Ankapatsa ana zoti akopere, iwo n'kukakhala pansi pa mango kumadzikupiza ndi makope. Koma Lukundo Sichone, mphunzitsi wa sayansi, sanabadwire kugonja. Makinawo akakweza mawu, nayenso ankakweza.

Lukundo kwawo kunali ku Nakonde, kumtunda kozizira. Boma ndilo linamuponya ku Mfuwe pamodzi ndi mkazi wake Ketty, namwino wa pakiliniki ina yapafupi, ndipo ngakhale anali atadya mango a kuno nyengo zingapo, ankakhalabe ngati munthu wodikira basi. Chinyanja anachitola ku Lusaka ali kukoleji. Chikunda, chiyankhulo cha eni dera, ankachimva pokhapokha akamamunena. Tisamunamizire, ntchito ankaidziwa ndipo ana ankamukonda. Kungoti sukulu inamulowa mpaka m'mafupa, moti chinthu chikapanda kupezeka m'buku, kwa iye ndiye kuti kulibe.

Lachisanu masana, phunziro lomaliza, ana a giredi 11 atalefuka ndi kutentha, mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja. Anali Tabeth, mwana wa m'mudzi wa cha ku Chinzombo, wamng'ono thupi koma wa pakamwa posatseka, amene ankamanga juzi m'chiuno ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Tsikulo anali atakhala chete kwambiri, mutu uli padesiki, maso ofiira. Lukundo ankaganiza kuti ndi fumbi.

"Aticha," anatero Tabeth, akuloza kumene kunkachokera phokoso, "nanga awa a makina akapanda kuleka? Akangokumba, kukumba, kukumba, angatulukire kuti?"

Mphunzitsi wina akanati khala pansi, zimenezo sizibwera pamayeso. Lukundo anachita kuwala nkhope. Anatenga kachingwe ndi choko n'kuzunguliza bwalo lalikulu lodzaza bolodi lonse, kenaka anatsitsa mizere iwiri kuchokera pamwamba kudutsa pakati mpaka pansi.

"Ili ni dziko. Apa pamwamba ni Mfuwe. Akapanda kuleka, azatulukira uku, pakati pa nyanja ya Pasifiki. Manje tiyerekeze kuti madzi twatchinga, moto wa mukati twazima, mphepo yonse m'chidzenjemo twachotsa. Funso ni ili: munthu akagweramo, chingamuchitikire n'chani?"

Atatero anajambula kamunthu pamlomo pa dzenjelo, n'kukamangirira kajuzi m'chiuno. Pambali pake analemba T. Kalasi inaphulika ndi kuseka, mwini wakeyo n'kudzutsa mutu kumwetulira. Koma kumbuyo ena sanaseke. Purity, mnzake wa Tabeth wa m'mudzi umodzi, anayankhula chapansipansi.

"Aticha, osaikapo munthu. Ikanipo mwala."

"Mwala sufunsa mafunso," anayankha Lukundo, ndipo anaseka yekha nthabwala yakeyo.

Kuno munthu wamoyo samuyerekeza ndi dzenje, ngakhale mocheza. Mwana akagona m'dzenje la mbatata posewera amamudzutsa ndi mbama. Kwawo kwa Lukundo nakonso zoterezi zilipo, koma iye anazisiya pageti ya koleji pamodzi ndi nsapato zake zakale.

Anayamba kumutsitsa Tabeth. Ankafufuta kamunthuko ndi chala n'kukajambulanso mmunsi pang'ono, uku akufotokoza. Pamwamba, anatero, dziko lonse lili pansi pa mapazi ako ndipo likukukoka ndi mphamvu zake zonse, ndiye ukangoponda m'malere umathamanga. Ukamatsika, dothi ndi miyala imene wadutsa imatsala kumwamba ndi m'mbali, imakokera uku ndi uku n'kumafafanizana yokhayokha. Chokukoka chenicheni ndi chimene chatsala kunsi kwako, ndipo chimenecho chikuchepera nthawi zonse.

"Ndiye kuti ayamba kuima?" anafunsa mnyamata wina.

"Iyayi! Apo ndiye mugwera mayeso. Chokoka chikuchepa, koma chikali kukoka. Spidi ikali kukwera, kungoti ikwera pang'onopang'ono. Onani, watsika. Watsikanso."

Ana anali atadzuka tsopano, ena ataimirira. Makina aja ankalirabe koma palibe ankawamva. Lukundo anamufikitsa Tabeth pakatikati pa bwalo lija n'kugogoda ndi choko.

"Apa dziko lamuzungulira mbali zonse mofanana. Kulibe kumwamba, kulibe pansi. Ukamuika pa sikelo, ziro. Alibe kulemera olo pang'ono. Koma spidi yake apa ndiye yoopsa, kuchoka pano kufika ku eyapoti musanatsirize kunena dzina lake lonse. Ndiye sangaime. Apitirira, ayamba kukwera mbali inayo, ndipo kuchoka pamwamba mpaka kutulukira uko ni fote-thu minitsi chabe. Basi ya ku Chipata ikali kudikira anthu pa siteshoni."

Pomwepo chitsulo chowerukira chinalira. Ana anayamba kukoka zikwama. Lukundo anayang'ana chithunzi chake mwachisoni, chifukwa bwalo linali litazungulira bwino kwambiri ndipo sankafuna kulijambulanso. Anachita zimene aphunzitsi onse amachita: analemba m'mphepete ndi zilembo zazikulu kuti pasapezeke wofufuta, n'kudula mzere kunsi kwake.

"Aticha, munisiya mukati wikendi yonse?" anatero Tabeth ali pakhomo.

"Mande tizakutulutsa. Usathawe."

Anatuluka akuseka onse awiri.

Loweruka Ketty analawirira ku Chipata kumsonkhano wa anamwino, woti akagone komweko. Lukundo anatsala yekha pakhomo. Chakumasana, nyenje zikulira m'mitengo ya tsanya mpaka makutu kuwawa, anaona bambo wina akutsamiritsa njinga pampanda. Anali wamtali, wa imvi zapatalipatali, atavala malaya a kaki a kuntchito. Anavula chipewa asanalowe.

"Odi kuno. Mwaswera bwanji, aticha?"

"Naswera bwino, kaya imwe. Khalani apa."

Mlendoyo anakana mpando n'kukhala pa kachitsa. Anati dzina lake ndi Edwell Chulu, amawolotsa alendo paboti kukampu ina ya cha ku Nkwali, ndipo ndi malume wake wa Tabeth. Kwa Akunda malume ndiye mwini mwana, choncho Lukundo anadziwa kuti nkhaniyo si yocheza. A Edwell sanali mbuli. Chingerezi chawo chinkaposa cha aphunzitsi ena a pasukulupo, koma tsikulo anachisiya kuntchito.

Anafotokoza modekha. Tabeth anafika kunyumba dzulo akudandaula mutu. Pofika m'mawa thupi linali moto, akusanza, ndipo tsopano wayamba kubwebweta. Akungogwira mphasa ndi manja onse awiri n'kumakuwa kuti akugwa, amugwire. Purity ataona zimenezo analira, n'kuulula za chithunzi chija.

"Iyo ni malaria," anatero Lukundo ataimirira. "Yafika kumutu. Mupelekeni ku kiliniki manjemanje, osadikira."

"Tizapeleka, aticha. Koma muyambe mwamuchotsa."

"Kumuchotsa kuti?"

"M'dzenje muja munamuika. Mukatsegule kalasi, ine niimirire pambali, mumukweze mpaka atuluke. Basi. Tikachoka apo nimunyamula nekha."

Lukundo anaseka, ndipo kuseka kumeneko adzakukumbukira mpaka kumanda. A Edwell anadikira kuti amalize. Kenaka anafotokoza chimene chinamanga nkhaniyo. Amayi ake a mwanayo, a Felister, pamodzi ndi azimayi achikulire a pamudzipo, ankati matenda obwera ndi dzanja la munthu salola jakisoni. Ukabaya munthu asanamasulidwe, nsingano yomweyo ndiyo imamutsiriza. A Felister anali atagona chopingasa pakhomo, akuti wofuna kutulutsa mwana wawo ayambe waponda iwo.

"Nanga imwe a Chulu, munthu woyenda na azungu tsiku na tsiku, mukhulupirira zimenezo?"

"Ine panekha sinidziwa, aticha. Chimene nidziwa ni chakuti mlongo wanga sachoka pakhomo paja. Palibe wakamba kuti ndimwe mfiti. Tikuti munalakwitsa chabe, monga munthu wosiya chitsime chosavundikira. Wosiyayo ndiye amakavundikira."

Apa ndiyenera kumunenera Lukundo pang'ono, ngakhale sindikufuna. Mantha anali nawo, ndipo sanali mantha opanda pake. Aphunzitsi obwera onse ankaidziwa nkhani ya mnzawo wina wa kusukulu ina ya m'chigwa momwemo, amene anavomera kuchita kamwambo kotere pofuna mtendere, anthu n'kunena kuti waulula yekha. Anamuswera mazenera, ndipo anachoka atabisala pansi pa matumba a thonje. Kwa eni kulibe mkuwe. Koma pansi pa manthawo panali chinanso chouma kwambiri. Iye, Lukundo Sichone, amene zaka zonsezi wakhala akuchotsa mdima m'mitu ya ana, akaimirire pabolodi kuchiza malungo ndi choko? Mawa adzawauza chiyani ana omwewo?

"Nikajambula ndiye kuti navomera kuti choko chidwalitsa munthu," anatero. "Ilo ni bodza, ndipo sininganame. Tengani njinga yanga yamoto iyo, mafuta alimo. Muthamangitseni mwana."

A Edwell anayang'ana njingayo, n'kuyang'ana mwini wake.

"Njinga tili nazo kumudzi, aticha. Choko ndiye tilibe."

Anavala chipewa, anatsanzika mwaulemu wonse, n'kupalasa njinga yawo kubwerera.

Lukundo anadzitonthoza mwanzeru, monga amachitira anthu ophunzira. Anati kukana kwakeko ndiko kuwathandiza, chifukwa akaona kuti khomo ili latsekeka alowera lokhalo latsala, la kukiliniki. Anati palibe mayi angaonerere mwana wake akufa chifukwa cha chithunzi. Kupita kukaona yekha sanapite, poopa kuti anganene kuti wabwera kudzatsiriza. Anatulutsa tebulo pakhonde n'kuyamba kukonzekera phunziro la Lolemba.

Phunzirolo linali losavuta. Tabeth akadutsa pakati amayamba kukwera, dziko likumukokera m'mbuyo, liwiro likutha pang'onopang'ono, mpaka amafika pamlomo wa mbali inayo liwiro litatheratu. Amaima kamphindi. Popanda womugwira amagwanso, kubwerera njira yomweyo mpaka ku Mfuwe, n'kugwanso, ngati katungwe wosasowa womukankha. Zimenezo n'zimene ana akanakondwa nazo. Koma Lukundo anali mphunzitsi woona mtima, ndipo anadziwa kuti ayenera kuwabwezera mphepo imene anaichotsa m'dzenjemo. Ukaibweza, nkhani imasintha. Mphepo imamudya liwiro. Safika pamlomo wa uko, amalekezera panjira n'kubwerera, ndipo safikanso kuno. Ulendo uliwonse umafupikira unzake, mpaka amadzaima pakatikati, polendewera popanda chomukoka, kutali mofanana ndi aliyense amene angamuponyere chingwe.

Anayang'ana zimene analembazo nthawi yaitali. Dzuwa linali litapendeka, ana a aneba akuthamangitsa anyani m'mango. Anatseka buku n'kukathirira tomato wake.

Ketty anatsika basi Lamulungu dzuwa lili pamutu, atanyamula thumba la mbatata ya kachewere ndi kabichi wa ku Chipata. Lukundo anamulandira katundu, ndipo mkazi akuvula nsapato anayamba kumusimbira nkhani ija mokometsera, ngati imodzi mwa nkhani zoseketsa za anthu a kuno. Ketty sanaseke. Anasiya nsapato ina ili kuphazi.

"Anabwera liti malume wakeyo?"

"Dzulo masana."

"Mwana wobwebweta na fiva, dzulo masana? Munapita kukamuona?"

"Ninawauza kuti amupeleke ku kiliniki."

Ketty anatulutsa foni n'kuimbira mnzake amene anali pantchito. Anafunsa, anamvetsera, anadula. Kukiliniki sikunafike mtsikana wotero, dzulo kapena lero.

"Choko, a Sichone?" Mawu ake anali otsika, ndipo Lukundo akanakonda akanakuwa. "Mwana wa eni ali pa mphasa, imwe mwakaniza choko? Ine tsiku na tsiku nibaya ana ovala tumikanda twa mankhwala m'khosi. Muganiza nimayamba nawauza kuti achotse? Nimakankhira pambali, nafuna mtsempha. Imwe munafuna kuwina."

"Nikanavomera, akanati..."

"Akanati, akanati! Tiyeni."

Anatenga kachikwama kake ka zoyezera n'kukwera kumbuyo kwa njinga yamoto. Lukundo anakamutsitsa panjira yolowera kumudzi kwa Tabeth, n'kutuma mwana kuti akaitane a Edwell abwere kusukulu. Iye anatsogola kukatsegula kalasi.

Sanafunikire kutsegula. Chitseko chinali pululu. Lukundo anali ataiwala chimene aliyense pasukulupo amadziwa, kuti Lamulungu kalasi ya giredi 11 imasanduka tchalitchi cha kampingo kena kopanda nyumba yakeyake. Mapemphero anali atangotha. Madesiki anali atakankhidwira kukhoma, ndipo mayi wina wa duku loyera ankasesa. Bolodi linali lakuda bii, lopukutidwa ndi nsalu yonyowa mpaka m'makona. Pakati pake panali manambala a nyimbo ndi vesi la tsikulo.

"Panali chithunzi apa," anatero Lukundo.

"Ee, tinapukuta, aticha," anayankha mayiyo mosangalala. "Abusa analibe polemba."

Atatembenuka anapeza a Edwell ataima pakhomo, thukuta likuyenderera, maso ali pabolodi. Nkhope yawo inali ya munthu amene wafika padoko n'kupeza boti litapita. Dzulo mwanayo analipo pabolodipo, woti n'kumukweza. Lero analibepo, ndipo anamufufuta ali mkati.

Lukundo sanadikire kuti wina ayankhule. Anapukuta manambala a nyimbo ndi mkono wa malaya, anatola kachidutswa ka choko pansi, n'kuzunguliza bwalo popanda chingwe. Linatuluka lopindika ngati dzungu. Anatsitsa mizere iwiri ija, anajambula kamunthu pakati, kajuzi m'chiuno, chilembo pambali. Ndipo poti sankadziwa mawu ena oyankhula pamwambo wotere, anayamba kuphunzitsa.

"Wachoka pakati. Akukwera. Dziko likumukokera pansi koma spidi ikali nayo." Anafufuta ndi chala, anajambula pamwamba pang'ono. "Akwera. Spidi ikuchepa. Akwerabe." Mayi wosesa uja anaima ndi tsache m'manja. "Wafika pafupi. Apa ni Mfuwe. Wafika pamlomo, waima." Anatembenukira a Edwell. "Apa pafunika munthu womugwira. Akapanda kumugwira abwerera."

A Edwell anayenda kuchoka pakhomo paja. Anatambasula dzanja lawo lalikulu lokakala ndi zingwe za boti, analikanikiza pa kamunthuko, n'kulifumbata. Pabolodi panatsala banga loyera.

"Mlongo wanga sinizamuuza kuti anapukuta," anatero osamuyang'ana Lukundo. "Na imwe musakambe."

Anasiya njinga yawo pomwepo n'kukwera kumbuyo kwa Lukundo, dzanja limodzi litagwira phewa, linalo lili chifumbatire pachifuwa.

Kumudzi anapeza anthu atadzaza pabwalo. Ketty anali atagwada pafupi ndi khomo, mawu atasasa ndi kuchonderera. Azimayi anali atamulola kulowa n'kuyeza magazi a pachala, koma za jakisoni ndi zotuluka naye mwanayo anakana. A Felister anali chigonere pakhomo paja, maso otupa, milomo youma. A Edwell anawadumpha n'kulowa, anthu akusuzumira. Anafumbatula dzanja n'kupaka fumbi la choko pamphumi pa mwanayo.

"Watuluka. Namugwira nekha. Manje chokapo, Felister."

A Felister anakwawira pambali n'kuyamba kulira mokweza, kulira kwa mpumulo, ndipo kulira kumeneko kunamupweteka Lukundo kuposa chitonzo chilichonse. Anamutulutsa Tabeth. Sankabwebwetanso. Maso anali otseguka pang'ono koma osaona kanthu, khosi lili lende. Anamukhazika panjinga, anamumangirira kumsana kwa Lukundo ndi chitenje, Ketty n'kukhala kumbuyo kumuchirikiza. Kutentha kwa thupi lake kunkadutsa malaya. Anali wopepuka modabwitsa, moti pamabampu Lukundo ankafufuza ndi chigongono ngati akadalipo.

Kukiliniki anachita zonse zimene zimachitika. Anamubaya, anamuika dilipi, anaimbira ambulansi ya kuchipatala chachikulu. Lukundo anakhala pabenchi panja, choko chikadali m'zikhadabo. Dokotala wamng'ono wa pamenepo, mnyamata wa ku Kitwe amene sankadziwa chilichonse cha nkhaniyi, anatuluka kudzasamba m'manja pampopi n'kuyankhula mosakaniza ndi chiyankhulo cha kwawo, ngati akudandaulira mnzake wa boma.

"Anthu aba, mwandi. Malaria iyi tichiza daily. Akanamubweretsa dzulo, sembe mawa ali kunyumba. Manje adikira chani?"

Ambulansi inafika dzuwa litafiira, koma inabwerera yopanda munthu, chifukwa Tabeth anali atapita kale.

Tsiku la maliro Lukundo anafuna kutsala. Anati kupita kwake kungoutsa mkwiyo pa anthu olira. Ketty, amene chichokereni kukiliniki sanamuyankhule mawu opitirira atatu, anamuikira malaya oyera pabedi n'kuima pakhomo mpaka atavala. Anayenda wapansi kumbuyo kwa ana a sukulu ovala yunifolomu. Njira yonse msana unkamunyerenyetsa, akudikira mwala woyamba. Kunena zoona ankaufuna. Mwala ukanamupatsa poimira, ukanamusandutsa munthu wophunzira wozunzidwa ndi anthu a mumdima, ndipo nkhani imeneyo akanatha kukaisimba ku Nakonde mutu uli m'mwamba.

Palibe anatola mwala. Anamupatsa malo pamthunzi pamodzi ndi akuluakulu. Ana a giredi 11 anaimba, Purity akulephera kutsegula pakamwa. Bokosi litatsikira, Lukundo anayang'ana kumbali.

Kuno maliro satha popanda mwini wake kuimirira n'kufotokozera anthu mmene matenda anayendera, kuti aliyense abwerere kwawo akudziwa chimene chadya mnzawo. A Edwell anaimirira, chipewa chili m'manja. Anathokoza mafumu, mipingo, a sukulu ndi achinyamata okumba manda. Anasimba za mutu, za kutentha thupi, za kubwebweta. Atafika pa chithunzi, anthu anang'ung'udza ndipo mitu inatembenukira kumthunzi kuja. A Edwell anakweza dzanja.

"Nakamba pamaso pa mafumu: pasapezeke munthu wokhudza aticha awa, kapena nyumba yawo, kapena akazi awo. Sanachite dala. Mwana anali kumukonda, ise tidziwa. Anabwera, anamutulutsa ine nikuona, anamubereka pamsana pawo mpaka ku kiliniki. Munthu woipa sachita tero."

Anaima pang'ono, akupotokola chipewa chija.

"Kungoti ninawapempha pa Chiweru, iwo anabwera pa Sondo. Akanavomera tsiku ninapita, mwana uyu sembe ali moyo. Mawu anga athera apo."

Khamu lonse linavomereza chapansipansi, azimayi akugwedeza mitu, ndipo ena anamuyang'ana Lukundo mwachifundo. Iye ankafuna kuimirira, kuwauza kuti choko sichinadwalitse munthu ndipo sichikanachiza munthu, kuti ndi udzudzu, kuti ndi magazi, kuti akulakwitsa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Anabwereza mumtima mawu a a Edwell aja limodzi ndi limodzi, kufunafuna pamene pali bodza kuti agwirepo. Anawatembenuza uku ndi uku. Analibe polakwika paliponse.

Mkulu wina amene anakhala naye pafupi anamugwira bondo n'kumuuza kuti alimbe mtima, zimachitika. Lukundo anati zikomo. Achinyamata anatenga mafosholo n'kuyamba kukwirira.